Madontho Ofiira pa Kakyuleta

Kakyuleta kaja ndinakapeza pansi pa sinki, m'chitini cha mabisiketi momwe ndinakaponya tsiku lomwe ndinkachotsa zinthu za malemu mwamuna wanga. Panali patapita chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ndinakapukuta pa diresi n'kudina batani loyatsira. Zii. Ndinakagogoda pa bondo n'kudinanso. Zii.

Nditakatembenuza ndinaona kuti m'mbali mwa kachitseko ka mabatire mwatuluka zinthu zoyera ngati mchere wonyowa, pena zobiriwira. Ndinakankha ndi chala chachikulu. Kachitseko sikanasunthe ngakhale pang'ono. Limeneli linali Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba m'mawa ndinkayenera kudula nsalu.

Ine ndimasoka makatani pa shopu ya mayi wina amene tonse timangomutchula kuti Madamu. Mashini alipo anayi, onse kukhoma. Tebulo lodulira ndi limodzi, lalitali, pafupi ndi windo. Amene ali patebulo ndiye munthu pa shopupo. Ndi amene amapita kukayeza mawindo, ndi amene makasitomala amamupatsa moni. A kukhoma amangosoka zomwe aponyeredwa, maso ali pa pulasitala. Mwamuna wanga anakhala patebulo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ine zaka zonsezo ndinali kukhoma, kumangomva sizasi yake kumbuyo kwanga.

Atamwalira, Madamu anandiika patebulo. Sikuti ankandikonda. Malemu anawauza ali m'chipatala kuti wandiphunzitsa zonse, iwo n'kukhulupirira. Ndiye ndakhala ndikuzembazemba. Kasitomala akabweretsa katani yakale ndimaiyala pa nsalu yatsopano n'kutsata ndi choko. Windo likakhala laling'ono ndimayeza ndi maso, n'kusiya nsalu yambiri kuti ndikalakwitsa ndibise mu mpendero. Zinkatheka ndithu, ndipo palibe anabwezapo katani yanga.

Koma sabata imeneyo kunabwera ntchito ya holo ina ya misonkhano. Mawindo asanu ndi limodzi, otambalala kuposa chipinda changa chogona, ndipo ankafuna makatani aja otsina pamwamba, opinda patatupatatu, mipata yake yofanana kuyambira uku mpaka uko. Nsalu anabweretsa okha, yolemera, yoitanitsa kutali, yongokwana ndendende.

Madamu anandiitanira kumbali. "Mayi, ntchito zazikulu ndakhala ndikubweza chifukwa cha inu. Iyi sindibweza. Ngati simutha nenani msanga, alamu anu akwere patebulo, inu mubwerere pa mashini."

"Ndani wanena kuti sinditha?"

"Palibe. Ndikungonena kuti nsaluyi ilibe inzake."

Alamu angawo ndi mng'ono wake wa malemu. Amasoka pa mashini yachiwiri ndipo sukulu anapita nayo patali. Chimwalirire mkulu wawo akhala akuliyang'ana tebulolo ngati galu woyang'ana poto. Tsikulo anamva zonse, poti makutu awo amagwira ntchito kuposa manja.

"Alamu, sizasi ikalemera muzinena. Ife tilipo, ndife abale."

"Sokani zipi yanuyo, mwaikhotetsa," ndinatero.

Chomwe ndinkadalira ndi kakyuletako. Ndi kakalekale, kolemera ngati theka la njerwa, kodya mabatire anayi, manambala ake owala mobiriwira. Malemu anakadina zaka zambiri mpaka zolemba za pa mabatani a m'mbali zinafufutika, anangotsala osalala. Matenda atamugwira, ataona kuti sadzuka, anandiuza kuti ndimubweretsere kakyuletako pabedi, pamodzi ndi kabotolo ka utoto wofiira wa m'zikhadabo komwe kasitomala wina anaiwala pa shopu. Anatenga phini n'kuyamba kudonthetsa. Batani loyamba dontho limodzi, lachiwiri madontho awiri, choncho mpaka kasanu ndi kanayi. Mabatani ena anali ndi madontho mbali ziwiri chifukwa umawabwerera. Pambali pa ena analemba timanambala toti uzilowetsa usanadine. Ukayika m'lifupi mwa windo n'kutsata madonthowo, kamakina kamakuuza poti udule ndi mpata woti usiye pakati pa zopinda.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga batani ili likuchita chiyani? Nambala iyi yachokera kuti?"

"Iwe ingotsata madontho. Ndikayamba kukufotokozera tifika chaka chamawa, ine nthawi ndilibe."

Nthawi analibedi. Koma zaka makumi awiri ndi ziwiri anali nazo. Ndinkamuphikira, kumuchapira, kumusokera mpendero uliwonse umene anthu ankamuyamikira nawo, iye osandiitanako ngakhale tsiku limodzi kuti bwera uone mmene ndimachitira. Ndinalekezera sukulu ku pulayimale, inde, koma sindine nkhuku. Pomaliza n'kundisiyira madontho ngati mwana wa ku mkaka. Ndinawatsata kanayi kapena kasanu iye akuyang'ana, zinatuluka bwino. Atangopita ndinakaponya m'chitini chija, mabatire ali momwemo. Sindinkafuna kukaona.

Za pafoni musandiuze, ndinayesa. Kakyuleta ka pafoni mabatani ake ndi ena, ali malo ena, ndipo ine sindinkadziwa kuti mabatani a madontho aja ndi ati pamenepo.

Loweruka m'mawa ndinakhala pa sitepe ya kukhitchini n'kuyamba nkhondo. Ndinalowetsa nsonga ya mpeni mumng'alu wa kachitseko. Nsonga inathyoka n'kutsalira momwemo. Ndinaichotsa ndi singano. Ndinatenga kasikuludiraiva ka mashini, ndikuti ndikanyamule ndi mphamvu, kanangobenthula pulasitiki pakona n'kuterereka kudzandibaya chala. Zoyera zija zitalowa pa bala zinaluma ngati tsabola. Ndinathira mafuta a mashini, ndinadikira, ndinagogoda ndi chigwiriro cha supuni. Palibe. Kachitseko kanali phee, kouma mutu ngati mwini wake.

Ali moyo sindinamutchulepo kuti iwe, koma m'mawa umenewo ndinamutchula. "Iwe, wagona uko mwamtendere. Ngakhale kundiuza kuti mabatire amachucha sunandiuze. Chimenechonso chinali chinsinsi?"

Mayi woyandikana naye nyumba anasuzumira pampanda kufunsa ngati ndili ndi alendo. Ndinati ayi, ndikulankhula ndi wakufa. Anabwerera m'nyumba mwake.

Ndinamanga chala ndi kansanza n'kupita kwa bambo wina wokonza mawailesi, amene anthu amamutcha Mawaya. Kashopu kake kali pakati pa ometa ndi ogulitsa misomali, kopapatiza moti kasitomala amaima panja. Mkati ndi mawailesi osegula mimba, mafani opanda mapiko, ndi fungo la waya wopsa. Anakalandira ndi manja awiri, akuseka.

"Mayi, ichi n'chowerengera kapena chogendera akuba?"

"Nditsegulireni kumbuyoko basi."

"Agogo amenewa anabadwa ine ndisanabadwe. Mwawachita chiyani pakonapa? Mwawaluma?"

"Achimwene, ine sindinabwerere nthabwala. Mutsegula kapena ndipite kwina?"

Anasiya kuseka, anavala magalasi omanga ndi waya mbali imodzi, n'kukayang'ana pafupi. Anati mabatire achucha ndipo atupa, ndiye akukankha kachitseko kuchokera mkati, zoyerazo zauma ngati simenti m'njira yomwe kamadutsa. Mphamvu sizithandiza, kangosweka. Anandituma kuti ndikagule viniga ndi mabatire anayi atsopano pa golosale ya patsidya pa msewu.

Nditabwera anakagoneka chafufumimba pa kansalu. Anakulunga thonje pa kamtengo ka machesi, kuviika mu viniga, n'kumadonthetsa mumng'alu pang'onopang'ono. Zoyera zija zinayamba kuchita thovu, kumveka kaphokoso ngati nyerere zikuyenda pa pepala. Ankapukuta, kudonthetsanso, kupala ndi singano, kudonthetsanso. Ine ndaima padzuwa, miyendo ikuwawa.

"Simungafulumireko?"

"Inu munafulumira, mwaona zomwe zachitika."

Kenako anadula kachidutswa ka pulasitiki pa botolo la madzi, anakalowetsa mumng'alu n'kumakayendetsa mozungulira. Anaika zala ziwiri zazikulu pa kachitseko, anapuma, n'kukankha. Kanalira kamodzi ngati fupa, kanasuntha pang'ono. Anadonthetsanso viniga. Ulendo wachiwiri kanatuluka konse.

Mkati munali monyansa. Mabatire anali atatupa, mapepala ake atasenda, awiri atamatirirana. Anawazula ndi pulayala. Kasipuling'i kamodzi kanatuluka limodzi ndi batire, katadyeka ndi dzimbiri, ndipo waya wina wofiira unali lende.

"Zikonzeka," anatero. "Sipuling'i ndichotsa pa wailesi yakufa, wayayo ndiwotcherera. Koma muyenera kuuma kaye. Mubwere cha m'ma fili koloko."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo sindinamizira munthu. Mawu anafika pakamwa oti achimwene, madontho ali kutsogoloko musawakhudze. Koma kumbuyo kwanga kunali kutaima mayi wina wovala bwino, wanyamula ayironi, ndi bambo wina wa tayi. Akanandifunsa kuti madontho a chiyani. Ndikanayankha bwanji? Kuti ine mayi wamkulu, wodula nsalu pa shopu, ndimadina mabatani osadziwa chomwe ndikudina? Ndinangoti, "Musamale nako." Anati asamala ngati mwana wake.

Fili koloko itakwana ndinamupeza akundidikira, mano onse panja. Anakabisa kumbuyo ngati mphatso, kenako n'kukaika pa kauntala. Ziro wobiriwira ankawala pagalasi. Kenako ndinayang'ana mabatani.

Anali oyera. Onse.

"Ndawasambitsa agogo," anatero Mawaya. "Anali ndi timadontho ta penti paliponse, kaya ana ankaseweretsa. Ndapukuta ndi thina wochotsera penti. Zimenezo ndangokuchitirani, musadandaule."

Ndinakanyamula, kukapendeketsa padzuwa, kukabweretsa pafupi ndi maso. Pa batani limodzi lakumanja panali kamthunzi kofiirira, osadziwika ngati panali madontho awiri kapena asanu ndi awiri. Kwina konse kunali see.

"Ndani anakutumani?"

"Mayi?"

"Ndati ndani anakutumani? Ndinati mutsegule kumbuyo. Kutsogolo munakafunako chiyani? Manja anu amayabwa?"

Ometa anatuluka ndi makina awo m'manja kudzaonerera. Ndinatukwana, ndipo zina zomwe ndinanena sindingazilembe. Mawaya anangoima, magalasi ali m'manja. Nditatopa ndinakhala pa benchi ya ometa, ndipo zomwe ndinkabisa m'mawa ndinazinena pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi. Ndinafotokoza za madontho, za holo, za tebulo.

Mawaya anatuluka m'kashopu kake n'kudzanjuta patsogolo panga. "Pepani mayi. Mukanandiuza. Koma masamu ine ndimawadziwako. Taonani." Anayamba kudina mabatani osalala aja limodzilimodzi. "Ili ndi lochulukitsa. Ili logawa. Ili limasunga nambala, ili limaibweretsanso. Ndikulemberani onse pa pepala. Inu mungondiuza kuti bambo ankayamba ndi chiyani."

"Ankayamba ndi dontho limodzi."

"Ayi, ndikuti ankachulukitsa ndi chiyani, n'kuchotsa chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Nanga timanambala tija tinali chiyani?"

"Panali thuu penapake. Panalinso teni, kapena thwelofu."

"Nanga pa shopu palibe wina wodziwa?"

"Alipo. Ndi amene akufuna tebulolo."

Anakanda m'mutu. Anati iye mawaya amawadziwa, makatani ayi. Anandilembera pepala lija, anamata kachitseko ndi tepi poti pakona ndinali nditabenthula, n'kundipatsa. Ndikuchoka anatinso pepani. Ndinangopita, ngakhale ndinkadziwa kuti munthuyo sanalakwe.

Lamulungu sindinatuluke. Ndinakhala pa tebulo lodyera ndi kakyuleta, pensulo, ndi miyezo ya mawindo a holo. Ndinatseka maso kuti mwina zala zikumbuka zokha. Zinakumbuka katatu: kumanja pamwamba, kenako thuu, kenako pansi. Kupitirira apo zinkangoyendayenda. Ulendo wina kanandiyankha seveni. Ulendo wina nambala yaitali yodzaza galasi lonse. Ulendo wina ziro, kadontho, ndi maziro ena. Kamakina kanali bwinobwino, kakuwala, kokonzeka kuyankha chilichonse. Wosadziwa kufunsa ndinali ine.

Masana ndinakumbuka kuti katani ya pabalaza pathu ndi ya mtundu womwewo, anadula yekha malemu titangolowa m'nyumbayi. Ndinakwera pampando n'kuitsitsa, fumbi lili m'maso. Ndinaisomola yonse, chopinda chilichonse, mpaka inagona pansi ngati nsalu wamba. Mkati mwa mpendero wa pamwamba ndinapeza mizere yake ya choko cha buluu, yowongoka, isanafufutike. Ndinayeza mpata uliwonse n'kulemba. Koma imeneyo inali nkhani ya windo lathu, laling'ono, la nsalu yopyapyala. Mmene ndingaisamutsire pa windo la holo sindinadziwe. Ndinayesa kuchulukitsa katatu, zopinda zinathera pakati pa njira. Ndinayesa kuwonjezera, nsalu ya anthu sinakwane windo lachisanu ndi chimodzi. Dzuwa linalowa ndili pansi, pabalaza popanda katani, odutsa mumsewu akundiona.

Lolemba ndinafika woyamba pa shopu. Ndinapukuta tebulo, ndinayala nsalu ija. Inali yokongola, yolemera m'manja, yoti ukaidula molakwika sungabise paliponse. Ndinaika kakyuleta pakona pomwe malemu ankakaika. Pa pepala ndinali ndi manambala atatu omwe ankaoneka ngati angakhale oona. Ndinasankha yapakati. Ndinayeza, ndinalemba mzere ndi choko.

Madamu analowa, anaika chikwama. Alamu analowa, anakhala pa mashini yawo, koma sanaipalase. Ndinkangomva msana wanga ukuyang'anidwa.

Ndinatsegula sizasi n'kuilowetsa m'mphepete mwa nsalu. Mwina nambalayo inali yoona. Mwa zitatu, imodzi ikanatha kukhala yoona. Ndinaganiza za anthu a ku holo akupachika katani yosakumana pakati, ndi Madamu akuwapepesa chifukwa cha ine. Ndinatulutsa sizasi n'kuigoneka pa nsalu.

"Madamu, sinditha."

Anapumira m'mwamba. "Mwachita bwino kunena, mayi."

Ndinatembenukira kwa alamu. Mawu amenewa anandiwawa kuposa oyambawo. "Alamu, dulani ndinu. Koma ndiime pambali panupa, muzindiuza chomwe mukuchita. Kamodzi kokha. Ine ndimagwira zinthu msanga."

Anadzuka, akukonza kolala. Sanaseke, bola akanaseka.

"Alamu, akulu anakhala nanu zaka zonse zija osakuuzani. Ine ndiyambe lero, ntchito ili yothamanga chonchi? Tidzaona tsiku lina kukakhala phee."

Ndikuwadziwa. Tsiku limenelo silidzafika.

Anafufuta mzere wanga ndi chikhatho, osauyeza n'komwe kuti aone ngati unali pamalo pake. Anatulutsa foni, anadinadina atandifulatira, n'kulemba mzere wawo. Kakyuleta anakakankhira kumapeto kwa tebulo kuti nsalu idutse. Madamu anandiuza kuti mashini yachiwiri lamba wake ndi wolimba, ndiyambe ndathira mafuta.

Ndinakhala kukhoma. Mpando unali wofunda ndi thupi la alamu. Kumbuyo kwanga sizasi inayamba kulira.

Chidutswa choyamba anandiponyera isanakwane teni koloko, mizere ya choko ili kale pamwamba. Ndisanasoke ndinatenga tepi n'kuyeza mpata uliwonse, kuchokera uku mpaka uko, kufuna ndipeze pomwe aphonya. Ndinatero ndi zidutswa zonse khumi ndi ziwiri, masiku anayi. Sanaphonye paliponse.